Musanapasule Nkhokwe, Tulutsani Mpunga

Mwezi uno ndipempha kuti mundilole ndisimbe nkhani ya m'nyumba mwanga, imene yandiphunzitsa nzeru ndiri kale ndi imvi kumutu. Ena a inu mudzaseka kumva kuti munthu wa kuno ku Chama, kumene msewu umasanduka phala mvula ikagwa, afuna kulankhula za kompyuta. Sekani ndithu. Koma makina amenewa tsopano alowa m'nyumba za aphunzitsi, za anamwino ndi za alimi a mpunga ndi thonje, ndipo zimene zinandionekera ine zikhoza kuonekeranso wina wa inu.

Kompyuta yanga ndi ija yopinda ngati buku, imene ana amati laputopu. Ndinaigula ku Lusaka m'caka ca 2017 itagwirako kale nchito kwa eni ake ena kutsidya kwa nyanja, monga momwe timagulira jekete pa salaula. Kutaipa sikunandivute, pakuti zala zanga zinazolowera makina a taipi ku sukulu ya mishoni, kumene munthu ukalakwitsa cilembo cimodzi unali kuyambanso pepala lonse. Pang'ono ndi pang'ono kompyutayo inasanduka nkhokwe ya banja lathu. Ndinasungamo makalata, maphunziro a akatekumeni, nkhani zimene ndimakulemberani muno, ciwerengero ca matumba a mpunga caka ndi caka, ndi zithunzi za ukwati wa mwana wanga woyamba. Munalinso cinthu cina ca mtengo wapatali kuposa zonsezi, cimene ndidzacichula patsogolo.

Poyamba ndifotokoze cimene cinasintha, cifukwa makinawo ndi omwe aja, ndi mng'alu wake womwe uja pakona. M'kompyuta iriyonse muli pulogalamu yaikulu yoyendetsa zonse, imene pa Cingerezi amaicha operating system. Tingaifanizire ndi nyakwawa pamudzi. Nyakwawa ndiyo imagawa malo, imadziwa kuti munda uwu ndi wa uje, imalandira alendo ndi kuthamangitsa akuba. Mapulogalamu ena onse, olembera makalata, oonetsera zithunzi, oimbira nyimbo, ali ngati anthu okhala pansi pa nyakwawayo. Nyakwawa ya m'kompyuta yanga inali Windows 10, imene kampani ya Microsoft inatulutsa mu July 2015.

Pakati pa caka ca 2025 panayamba kuoneka uthenga pa sikirini wonena kuti kuyambira pa 14 October caka comweco Windows 10 sidzalandiranso cisamaliro. Ine ndinayesa kuti tsikulo likadzafika makina adzangozima osadzukanso. Ndinalakwa. Kompyuta imapitiriza kugwira nchito, koma amisiri amaleka kutumiza zigamba zotsekera ming'alu imene akuba a pa intaneti amatulukira. Ziri ngati nyumba imene mwini wake waleka kumata: caka coyamba iri bwino, koma ciswe sicigona. Kampaniyo inatsegula njira yoonjezerako caka cimodzi ca cisamaliro, kufikira pa 13 October 2026, koma imeneyo inali mbereko ya kanthawi cabe. Langizo lenileni linali lakuti tisamukire ku Windows 11, imene inatuluka mu October 2021.

Windows 11 imasankha nyumba yolowamo. Imafuna memori yosacepera 4 GB, malo osungiramo zinthu osacepera 64 GB, kacipangizo ka citetezo kochedwa TPM 2.0, ndi purosesa, ndiko kuti ubongo wa makina, ya mbadwo watsopano, makamaka yopangidwa kuyambira ca kumapeto kwa 2017. Yanga inakwanitsa ziwiri zoyambazo ndi kulephera ziwiri zotsirizazo. Ndinafunsa mtengo wa laputopu yatsopano ku Chipata, ndipo nditauza amai a kunyumba, anakhala cete kanthawi, kenaka anati, "Atate ake a ana, mpunga wonse wa caka cino upite ku cinthu cimene sicidwala? Nanga wotsiriza uja ku koleji tidzamlipirira masamba?" Sindinayankhe, cifukwa mau ao anali oona. Makina anali amoyo ndithu, ndipo kuwataya kukanakhala ngati kupha ng'ombe yolima cifukwa goli lathyoka.

Amene anandionetsa njira ina ndi mnyamata wina wophunzitsa za makompyuta pa sukulu ya sekondale, amene kale anali kukhala pa benchi ya kutsogolo m'kalasi langa la katekisimu. Lero ndimamucha aphunzitsi, ndipo ayenera ulemu umenewo. Iwo anati, "Atate, makina anu sanakalambe. Tingoikamo nyakwawa ina imene sisankha nyumba. Dzina lake ndi Ubuntu."

Dzinalo linandidabwitsa, cifukwa silinamveke lacilendo. Ndi liu la Cizulu ndi Cixhosa, lofanana ndi lathu lija lakuti umunthu. Aphunzitsi anandifotokozera kuti muzu wake ndi Linux, imene mnyamata wa pa yunivesite ku Helsinki, m'dziko la Finland, dzina lake Linus Torvalds, anayamba kulemba mu 1991, nailola kuti aliyense aione m'kati, aikonze ndi kugawira anzake. Ubuntu weniweniyo anatuluka koyamba mu October 2004, ndipo anamuyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, yemwe uja anapita kuthambo pa combo ca ku Russia mu 2002. Manambala a Ubuntu amachula caka ndi mwezi. Amene tinasankha ife ndi 24.04, kutanthauza April 2024, ndipo analonjezedwa cisamaliro ca zaka zisanu, kufikira 2029.

Nditamva kuti ndi waulere, mtima unakaika. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndani m'dziko lino amagwira nchito yosalipidwa? Aphunzitsi anaseka, nati zimayenda monga dima, pamene mudzi wonse umasonkhana kulima munda umodzi: ena amalima mwa kufuna kwao, ena amatumidwa ndi makampani amene nawonso amadya za m'mundamo. Kampani ya Canonical, imene imayang'anira Ubuntu, imapeza ndalama zake pothandiza mabizinesi akuluakulu, ndipo ife a m'nyumba timangotapa. Komabe caulere cinandidyera ndalama pang'ono. Pulogalamuyo ndi yaikulu pafupifupi 6 GB, ndipo kuikoka pa intaneti ya pa foni kunatenga mausiku atatu, pa mabandulo a usiku amene ali ochipirako, netiweki ikubwera ndi kuthawa monga mwa masiku onse.

Tsiku losamuka linali Loweruka lina mu September, kutentha kwa m'cigwa ca Luangwa kutayamba kale. Aphunzitsi anabwera ndi fulashi m'thumba la malaya. Asanakhudze ciriconse anandiyang'ana nati, "Atate, zonse za m'kati mwasunga pena?" Ndinati inde. Dzulo lake ndinali nditakopera pa fulashi ina foda ya makalata ndi foda ya zithunzi. Anafunsanso kaciwiri, nafunsanso kacitatu. Pa ulendo wacitatu ndinayankha mokweza mau pang'ono, pakuti masana ndinali ndi msonkhano, ndiponso m'mtima ndinali kunena kuti kamwana kamene ndinakaphunzitsa ine sikangandifunse ngati wa Giredi 1.

Ubuntu ali ndi khalidwe labwino lakuti munthu akhoza kumuyesa kucokera pa fulashi asanamlowetse m'nyumba, ndipo akhozanso kumuika pambali pa Windows kuti azikhala awiri. Aphunzitsi anafuna kuti tiyese kwa sabata imodzi. Ine ndinakana. Malo m'makina anali ocepa, ndipo ndinafuna kuti nchito ithe tsiku lomwelo. Pa sikirini panabwera funso lomaliza, lofunsa ngati tivomera kufafaniza zonse za m'kati. Aphunzitsi anacotsa dzanja lao nati, "Dinani ndinu, atate." Ndinadina ndi cala canga. Pasanathe ola limodzi nchito inatha, magetsi osathima, ndipo ndinapita ku msonkhano ndiri wokondwa.

Madzulo ndinakhala pansi kuti ndimuone bwino mlendo wanga. Coyamba cimene ndinaona ndi liwiro. Kale ndinali kuyatsa makina, kupita kukasamba m'manja, kubwerako akali kuganiza. Tsopano anadzuka ndisanakhazikike pa mpando. Caciwiri ndi maonekedwe. Mtundu wa buluu uja ndinauzolowera unacoka, panabwera wofiirira ngati dothi la pa culu dzuwa likamalowa. Tizithunzi ta mapulogalamu, timene kale tinali kundanda pansi, tsopano tinaima mzere kumanzere, ndipo koloko inakwera pamwamba, pakati penipeni.

Ndinamva ngati munthu wobwera ku ulendo napeza kuti akazi ake asintha malo a zonse m'nyumba. Mcere ulipo, macesi alipo, koma dzanja likupita pamene palibe. Nthawi yogona itakwana ndinafunafuna pozimitsira makina, osapaona. Zaka zisanu ndi zitatu dzanja langa linali kupita pakona ya pansi kumanzere. Mdzukulu wanga wa zaka zisanu ndi zinai, amene anali kusuzumira paphewa langa, analoza pakona ya pamwamba kumanja nati, "Agogo, si apo?" Iye analibe cizolowezi coti acotse m'mutu, ndiye cifukwa cake anaona msanga.

M'mawa mwake ndinayesa nchito yeniyeni. M'malo mwa Word munali pulogalamu yochedwa LibreOffice Writer. Inatsegula makalata anga onse akale popanda kukana ngakhale imodzi, ngakhale kuti mizere ina inasuntha, ndipo ndandanda ya nyimbo imene ndinaikonza kuti ikwane pepala limodzi inasefukira pa laciwiri. Ciwerengero ca mpunga cinatseguka bwino, masamu ake onse ali m'malo. Pulinta yanga yakale, imene ndinali kuiopera kwambiri, inayamba kusindikiza nditangolumikiza cingwe. Cimene cinanditopetsa masiku oyamba ndi kufunsidwa mau acinsinsi nthawi iriyonse ndikafuna kuikamo pulogalamu kapena kulandira zigamba. Pambuyo pake ndinazindikira kuti mlonda amene amafunsa dzina ngakhale kwa mwini nyumba ndiye mlonda wabwino.

Cimodzi sicinasinthe. Nditayamba kulemba m'Cinyanja, liu liri lonse linalembedwa mzere wofiira pansi pake, monga momwe nyakwawa yakale inali kucitira. Ndinakumbuka wansembe amene anali kutiphunzitsa Cingerezi, amene bolopeni yake yofiira inali kusiya kope langa ngati pophera mbuzi. Makina anga, akale ndi atsopano omwe, amandilankhula m'Cingerezi, ndipo Cinyanja ndi Cisenga amaziyesa zolakwa. Mizereyo ndinapeza pozimitsira, koma funso linatsala m'mtima: ngati Ubuntu ndi dima, ana athu ophunzira adzanyamula liti makasu ao kuti akalimeko mzere wa zinenero zathu?

Masiku awiri amenewo ndinali kuuza aliyense kuti ndapeza kompyuta yatsopano popanda kugulitsa thumba ndi limodzi lomwe. Tsiku lacitatu usiku, nyumba iri zii, ndinafuna kumva mau a amai anga.

Amai anatisiya mu 2021. Zaka ziwiri asanamwalire ndinali kupita kumudzi, m'dziko la Mfumu Tembwe, kukhala nao pakhonde ndi kujambula mau ao pa foni. Anasimba m'Cisenga maina a makolo athu kubwerera m'mbuyo mibadwo isanu, nthano za kalulu, mitundu ya mpunga imene anali kubzala akali mtsikana, ndi njala ya 1949. Zonse zinali zigawo khumi ndi cimodzi. Foni ija inawonongeka kalekale, koma sindinade nkhawa, pakuti mauwo ndinali nditawasamutsira m'kompyuta, m'foda imene ndinailemba kuti Amama. Fodayo sindinaiike pamodzi ndi makalata kapena zithunzi. Ndinaiika poyera, pa sikirini penipeni, kuti ndiziiona tsiku ndi tsiku. Ndipo cifukwa ca kuiona tsiku ndi tsiku, maso anga analeka kuiona. Pokopera zinthu pa fulashi, ndinaisiya.

Ndinatsegula fulashi katatu, monga muja aphunzitsi anandifunsira katatu. Munalibe. Ndinakhala mu mdima nthawi yaitali, ndipo ndinena zoona, abale, ndinalira monga tsiku la maliro lomwe.

Kutaca ndinapita kwa aphunzitsi mutu uli pansi. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangoti, "Zimitsani makinawo, atate, musalembemonso kanthu." Anafotokoza kuti kufafaniza kuli ngati kugalauza munda ndi kubzala mbeu zina: pamene khasu lapita ndi mbeu yatsopano yamera, zakale zatha, koma m'mbali mosafika khasu mukhoza kutsala zitsa. Ciriconse catsopano cimene ndinasunga m'masiku atatu aja cinali kukwirira zitsazo. Anagwiritsa nchito pulogalamu yofukula zotayika, imene inayenda usiku wonse, nitulutsa mulu wa mafailo opanda maina. Tinawatsegula limodzi limodzi kwa masiku awiri. Ambiri anali zinyalala. Koma mwadzidzidzi m'cipindamo munamveka kutsokomola kumene ndikanakuzindikira pakati pa anthu cikwi, kenaka mau a amai akuchula agogo ao.

Tinafukula zigawo zitatu. Mwana wanga wamkazi wa ku Lusaka anapeza zina zinai pa foni yake, zimene ndinamtumizira pa WhatsApp nthawi ya maliro. Zisanu ndi ziwiri zinabwerera, zinai zinapita.

Mwa zinai zotayikazo munali cimodzi cimene sicidzapezekanso kwina kulikonse. Acikulire a kuno akumbuka caka ca 1964, miyezi yocepa dziko lisanalandire ufulu pa 24 October, pamene nkhondo ya a Lumpa, otsatira Alice Lenshina, inabuka ku Chinsali, nifika ku Lundazi mu August, nilowanso m'midzi ya Asenga. Anthu anaphana pacibale, ndipo ambiri amene anaona zimenezo anasankha kukhala cete moyo wao wonse. Amai anali mmodzi wa iwo. Koma tsiku lina madzulo, popanda ine kufunsa, anasimba mmene anagonera m'thengo mausiku atatu ali ndi mkulu wanga kumsana, akumtseka pakamwa kuti asalire. Anachula maina a abale athu amene anafa, a mbali iyi ndi a mbali inayo, osaweruza aliyense. Anasimba kamodzi kokha. Ine sindinachere khutu mokwanira, cifukwa m'mtima ndinati foni ikumva m'malo mwanga.

Mlandu umenewu sindingauike pa makina, kapena pa amene anapanga Windows, kapena pa amene anapanga Ubuntu, kapena pa aphunzitsi. Makina anandifunsa, munthu anandifunsa katatu, cala cinali canga. Amai omwewo anali kunena kuti nkhokwe ikafuna kumangidwanso, umayamba watulutsa mpunga wonse, nusesa pansi, nuyang'ananso m'makona. Madzi akatayika saoleka.

Tsono kwa inu amene muli ndi makina okalamba ngati anga, kapena mufuna kusintha foni, landirani malangizo a munthu amene wapsa cala. Musanasinthe ciriconse, lembani papepala zonse zimene simungafune kutaya, ndipo muyang'ane malo onse: pa sikirini, m'foda ya zokoka pa intaneti, m'foda ya nyimbo. Zikopereni pa malo awiri osiyana, ndipo cimodzi cikakhale m'nyumba ina, kwa mwana kapena kwa mbale. Mukatero, tsegulani zokoperazo pa makina ena kuti muone ndi maso anu kuti zirimodi. Musacite nchitoyi tsiku limene muli ndi ulendo, ndipo batire likhale lodzaza. Ngati makina anu akwanitsa zofunika za Windows 11, kusamukako n'kosalipira. Ngati sakwanitsa, yesani Ubuntu kapena mbale wake wina pa fulashi kwa masiku angapo, ndipo mufunse ngati pulogalamu imene mumadalira pa nchito yanu idzayendamo, pakuti ena a Windows sayenda m'menemo. Cinthu cikatayika, zimitsani makina nthawi yomweyo ndi kufuna wodziwa. Ndipo wamng'ono akakufunsani kacitatu, pitani mukayang'anenso.

Nanga mlendo uja ndimuona bwanji tsopano? Tazolowerana. Dzanja langa laphunzira njira ya pakona ya pamwamba, makalata akulembeka, mpunga sunagulitsidwe, ndipo wotsiriza uja akali ku koleji. Nkhani ino ndailemba pa makina omwewo.

Kumudzi kwatsala azakhali anga, mng'ono wao wa atate, amene analipo m'thengo muja caka cimeneco. Maso ao acita khungu, koma mutu uli bwino. Ndapitako kale kawiri. Foni ndimaiika pamphasa kuti ijambule, koma m'manja ndimagwira kope ndi bolopeni, ndipo dzina liri lonse limene achula ndimawapempha kuti alibwereze. Mdzukulu wanga uja ndimapita naye, kuti nayenso amve ndi makutu ake. Ngati kwanu kukali nkhalamba yotere, musadikire mwezi wa mawa.